Thandizo losabweza la boma lilipo, koma ndi mpikisano: zoyenera kudziwa amalonda a ku Mzimba

Aliyense wochita malonda a mbewu pakati pa Jenda, Embangweni ndi pa boma pa Mzimba amaidziwa pamtima kalendala ya mitengo. Kuyambira Epulo mpaka Juni soya, nyemba, mtedza ndi mpendadzuwa zimasefukira pamsika, mtengo n'kugwa. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira, koma mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sadikira wogula wotsata mtengo wa boma. Ikamafika Okutobala katundu yemweyo amakhala wakwera, ndipo phindu limagwera amene adali ndi posungira komanso ndalama zodikirira. Za tomato ndiye n'zosakamba. Dengu limene lagona masiku atatu m'mbali mwa msewu wa M1 pa Jenda limathera kudzala.

Mankhwala a vutoli palibe amene sawadziwa: nyumba yosungiramo mbewu, makina oyengera mafuta, chigayo, pampu ya sola, galimoto yonyamula katundu. Chosowa ndi ndalama zake. N'chifukwa chake anthu akamva pa wailesi kuti gulu lakutilakuti lalandira mamiliyoni kuchokera ku boma, funso limakhala limodzi: amenewo adalowera khomo liti, ndipo adadziwana ndi ndani?

Khomolo lilipo, ndipo si la kuseri. Koma tisanalifike tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri amaziphatikiza, chifukwa kusokoneza kumeneku kwalandulitsa anthu mbuzi ndi malata.

Ndalama za NEEF, bungwe limene lidalowa m'malo mwa MEDF mu 2020, ndi ngongole. Mumabweza, ndi chiwongoladzanja pamwamba. Ndalama za pulojekiti ya FInES, imene Banki Yaikulu Padziko Lonse idaikako 86 miliyoni ya madola a ku America mu 2020 kudzera ku Reserve Bank of Malawi, nazonso ndi ngongole, kungoti zimadutsira m'mabanki ndi m'mabungwe obwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chofewerapo. Wandale akaima pansanja n'kunena kuti boma labweretsa ndalama zotukula mabizinesi, funsani kaye: zobweza kapena zosabweza? Yankho lake limasintha masamu onse.

Thandizo losabweza ndi lina. Limeneli salipereka pamsonkhano, ndipo salemba maina kwa a mfumu ngati makuponi. Amalengeza m'nyuzipepala ndi pa wailesi, magulu amalemba zimene akufuna kuchita, ndipo komiti imasankha opambana. Olephera amakhala ambiri kuposa opambana.

Pulojekiti imene yapereka thandizo lotere kwa magulu ambiri m'dziko muno ndi AGCOM, ya pansi pa Unduna wa Zamalimidwe mogwirizana ndi unduna woona za malonda. Gawo loyamba lidayamba mu 2018 ndi 95 miliyoni ya madola, ndipo lidatha mu 2023. Chaka chomwecho Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza gawo lachiwiri, lotchedwa AGCOM 2, la ndalama zochuluka kuposa kawiri zoyambazo. Tinene m'mbali kuti 95 miliyoni ija boma lidachita kubwereka. Kwa gulu lolandira ndi yaulere, koma kwa dziko ndi ngongole imene msonkho wanu ndi wanga udzabweze. Choncho gulu likalandira n'kusakaza, wabedwa si mzungu ayi.

Mmene AGCOM imayendera

Maziko ake ndi mgwirizano wa mbali ziwiri: gulu la alimi ndi wogula katundu wawo. Gulu lopanda wogula silingapambane, ngakhale litalemba Chingerezi chokoma chotani. Maganizo a boma ndi akuti vuto la mlimi wa ku Malawi si kulima kokha, koma kulima asakudziwa kuti adzagulitsa kwa ndani. Ndiye limati: tisonyezeni msika kaye, kenako tikuthandizeni kugula zipangizo zoti mukwanitse msikawo.

Kagawidwe ka ndalama kamene pulojekitiyi idadziwika nako ndi aka: boma limalipira mpaka K70 pa K100 iliyonse ya mtengo wa ntchitoyo, gulu limasonkha K30 yotsalayo. Mwa K30 imeneyo, yosachepera K10 iyenera kukhala ndalama zenizeni za kubanki, pamene inayo itha kukhala zinthu monga mchenga, miyala ndi ntchito ya manja ya mamembala. Ndalamazi ndi zogulira zinthu zokhalitsa monga nyumba, makina, mathirakitala ndi ng'ombe za mkaka. Si zogulira feteleza wa chaka chino, si zogawana, ndipo fodya sali m'gulu la mbewu zothandizidwa. Chilengezo chilichonse chimabwera ndi malamulo ake, monga chiwerengero cha mamembala ndi tsiku lotsekera, choncho mawu a m'chilengezocho ndiwo otsatira, osati zimene wanena mnzanu mu minibasi.

Tiwerengere limodzi ndi chitsanzo chongoyerekeza. Gulu la anthu 40 ku Champhira likufuna nyumba yosungiramo soya pamodzi ndi sikelo ndi makina opetera, zonse za K60 miliyoni. Boma lingaike K42 miliyoni. Gulu liyenera kupeza K18 miliyoni, ndipo K6 miliyoni mwa imeneyo ikhale kubanki. Pogawana, membala aliyense asonkhe K150,000 ya ndalama, kenako atute mchenga ndi kuphwanya miyala ya mtengo wa K300,000.

Magulu ambiri amafera pomwepa. Amapambana mpikisano, amajambulitsa zithunzi, amavina, koma ikafika nthawi yoika K6 miliyoni ija kubanki aliyense amayang'ana mnzake. Ndalama za boma sizituluka gawo lanu lisanaoneke. Anthu a ku Mzimba ali ndi mwayi umene maboma ena alibe: pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi ana ake ku Joni, ndipo mabanki mkhonde ali ponseponse. Ndalama imene ikadamanga mpanda wa nyumba yosagonamo munthu ikhoza kukhala gawo la membala m'makina obweretsa phindu chaka ndi chaka. Koma chenjerani ndi njira yachidule yolola munthu mmodzi wachuma kulipirira gulu lonse. Tsiku limene makina adzafike, iye adzawaika pakhomo pake, ndipo sipadzakhala wotsegula pakamwa. Aliyense asonkhe, alandire lisiti, ndipo zilembedwe m'buku la masheya.

Kodi wamalonda alowa pati?

Ena mwa inu mukuti izi ndi za alimi, ife ndi mavenda. Ayi, malo anu alipo, ndipo ndi awiri.

Oyamba ndi osavuta: amalonda ambiri kum'mwera kwa Mzimba amalimanso. Mayi wogulitsa nyemba pa msika wa Embangweni ali ndi munda wake ku Mbawa kapena ku Vibangalala. Palibe chomuletsa kukhala membala wa kopaletivi, ndipo kunena zoona magulu amene ali ndi amalonda mkati mwake amayenda bwino, chifukwa muli munthu wodziwa mtengo wa thiransipoti kuchoka pa Jenda kupita ku Lilongwe, wodziwa kuti thumba limachepa likauma, wodziwa wogula amene amalipira ndi amene amazemba.

Achiwiri ndi a wogula. Gulu lililonse lopikisana likufuna munthu kapena kampani yosaina kuti idzagula katundu wawo, wochuluka mwakuti, wooneka mwakuti. Makampani akuluakulu oyenga mafuta ndi opanga zakudya za nkhuku ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo safuna kuyenda m'misewu ya ku Khosolo nthawi ya dzinja kukatola matumba 30. Amafuna munthu wapakati wodalirika. Wamalonda amene bizinesi yake ndi yolembetsedwa ku boma, ali ndi nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, akaunti ya kubanki ya bizinesi, chiphaso chogulira mbewu ndi sikelo yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ali ndi choti n'kuika patebulo. Phindu lake ndi loti m'malo mokhala pansi pa mtengo ndi sikelo kudikira ndowa imodziimodzi, amapeza katundu wochuluka, wosankhidwa kale, pamalo amodzi.

Mapepala amenewa ali ndi ntchito inanso. Lamulo la 2020 la kagulidwe ka katundu wa boma lidaika mwayi wapadera kwa mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati, koma olowa ndi okhawo olembetsedwa. Choncho ndalama yolembetsera siipita pachabe ngakhale gulu lanu litalephera mpikisano.

Mgwirizano wa gulu ndi wogula ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse, ndipo ndi pamene pamachitika chinyengo chambiri. Magulu ena amangopempha kalata kwa wamalonda wodziwana naye, iye n'kudinda chidindo asakuganiza zogula ngakhale kilogalamu imodzi. Oweruza mpikisano amaimba foni kwa wogulayo, nthawi zina amapita kukamuona. Akapeza kuti munthu amene walonjeza kugula matani 100 ali ndi kashopu ka sopo ndi machesi, pempho lonse lagwa. Ngati mphamvu zanu ndi matani 20, lembani 20.

Ndipo polemba mtengo musadzimange. Mukalemba kuti mudzagula soya pa mtengo wakuti chaka chamawa, mmodzi wa inu adzalira. Mtengo wa pamsika ukadzakwera, alimi adzagulitsa usiku kwa wina wa lole. Ukadzatsika, inu wogula mudzazimitsa foni. Njira yabwino ndi kugwirizana mtengo wotsikitsitsa umene wogula sangatsike kupyola apo, n'kunena kuti pamwamba pake mudzatsata mtengo wa pamsika wa tsiku logulitsa, ndi kowonjezera pang'ono ngati katundu ndi wouma bwino ndi wopanda zinyalala. Lembaninso kuti wolipira thiransipoti ndani, matumba ndi a ndani, ndipo ndalama idzaperekedwa pakatha masiku angati. Mikangano yambiri ya m'malonda a mbewu imayambira pa zinthu zitatu zimenezi, osati pa mtengo.

Kuchoka pa chilengezo kufika pa cheke

Mpikisano umayamba ndi chikalata chachifupi chimene iwo amachitcha concept note. Mmenemo mumafotokoza kuti ndinu ndani, mumalima kapena kupanga chiyani, wogula wanu ndani, chikukulepheretsani n'chiyani, ndipo mukufuna chiyani. Odutsa apa ndiwo amaloledwa kulemba pulani yonse ya bizinesi, ndipo pulojekiti imapereka akatswiri oti awathandize. Pulaniyo imapita ku komiti yoima payokha, yomwe imasankha. Opambana amasaina mgwirizano, amaika gawo lawo kubanki, kenako ndalama zimabwera m'zigawozigawo. Chigawo chachiwiri sichibwera musanaonetse malisiti a choyamba.

Kuyambira tsiku la chilengezo kufika tsiku loona makina pamatha miyezi yambiri, mwinanso kupitirira chaka. Amene akufuna ndalama yoti aonjezere mpamba mwezi uno asataye nthawi yake kuno.

Nthawi yokonzekera si pamene chilengezo chatuluka. Masabata ochepa amene amapereka sakwanira kuyambitsa gulu, kulilembetsa, kutsegula akaunti ndi kupeza wogula. Magulu obadwa chifukwa cha chilengezo amadziwika msanga: buku la misonkhano lolembedwa ndi cholembera chimodzi tsiku limodzi, mamembala a banja limodzi, akaunti yotsegulidwa dzana. Gulu limene lagulitsapo limodzi kwa zaka ziwiri, ngakhale matumba 200 okha, ndipo lili ndi malisiti ake, limaposa gulu la anthu 300 lopanda mbiri.

Kulembetsa kopaletivi kumachitika pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998, kudzera kwa mlembi wa makopaletivi ku unduna woona za malonda. Lamuloli limafuna anthu osachepera 10, malamulo oyendetsera gulu, ndi masheya, ndipo mamembala amayamba aphunzitsidwa. Poyambira ndi kwa mlangizi wa m'dera lanu, kaya ndi ku Luwerezi, Emfeni, Kazomba, Manyamula kapena Eswazini. Iye adzakulozerani kwa woona za ulimi wa bizinesi ku ofesi ya zamalimidwe ya Mzimba South pa boma, komanso kwa woona za malonda ku khonsolo ya M'mbelwa. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, la anthu oposa 900,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo maofesala ake ndi ochepa. Sadzakupezani pakhomo. Pitani, dzidziwitseni, siyani nambala ya foni ya gulu, kuti chilengezo chikadzatuluka mudzakhale m'gulu la oyamba kumva.

Ndipo musaganize kuti kopaletivi ndi chinthu chachilendo kuno. Alimi a khofi a kum'mwera chakum'mawa kwa boma lino ali ndi kopaletivi yawo ya South East Mzimba, imodzi mwa zimene zimapanga Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, ndipo khofi wawo amafika kunja kwa dziko. Mlimi mmodzi wa mitengo 500 sakadatha. Ngati mukufuna kuona mmene mabuku a gulu amasungidwira, aphunzitsi ali pafupi.

Zimene zimagwetsa pulani

Cholakwa chachikulu ndi kuyamba ndi chinthu chimene mukuchilakalaka m'malo moyamba ndi vuto. Pafupifupi gulu lililonse limafuna thirakitala kapena lole, chifukwa ndi zooneka, zopatsa ulemu. Koma woweruza amafunsa: lole imeneyi idzayenda masiku angati pachaka? Dalaivala adzalipidwa ndi chiyani mu Febuluwale? Tayala likaphulika ndalama idzachokera kuti? Ngati katundu wa gulu lonse amatha ndi maulendo asanu, kubwereka lole n'kotchipa kuposa kukhala nayo.

Titenge makina oyengera mafuta a mpendadzuwa, amene magulu ambiri a kuno amawafuna, ndipo ndi maganizo abwino chifukwa mafuta ophikira ndi okwera mtengo ndipo mpendadzuwa umachita bwino m'dera lino. Pulani yopambana iyenera kuyankha zinthu zingapo zimene olemba ambiri amazilumpha. Makina otere amafuna magetsi amphamvu a mawaya atatu. Kodi thiransifoma ya ESCOM ili pa mtunda wotani kuchoka pamalo anu? Makina akamadya matumba 20 patsiku, mpendadzuwa wa mamembala udzatha m'masabata angati, ndipo miyezi yotsalayo adzagaya chiyani? Ndalama yogulira mpendadzuwa wa alimi ena idzachokera kuti, poti thandizo la boma siligula mbewu? Mafuta ogulitsa m'mashopu amafuna chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo lamulo la dziko lino limati mafuta ophikira azithiridwa vitamini A. Kodi mwaziika m'bajeti? Nanga zotsalira zake, zimene oweta nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe za mkaka amazifuna kwambiri, mwapeza wogula? Kawirikawiri phindu lenileni la makinawa limabisala m'zotsalirazo.

Gulu limene layankha mafunso amenewa ndi manambala, ngakhale m'Chingerezi chothyokathyoka, limaposa limene lalemba masamba 40 a mawu okoma onena za kuthetsa umphawi.

Pa nyumba yosungiramo mbewu masamu ake ndi otere. Anthu 40 aja aliyense akabweretsa matumba 25 a makilogalamu 50, ndiye kuti muli ndi matumba 1,000, omwe ndi matani 50. Tiyerekeze kuti posunga miyezi inayi mtengo wakwera ndi K200 pa kilogalamu: mwapeza K10 miliyoni yoonjezera. Chotsanipo mlonda, mankhwala, matumba, kuchepa kwa katundu pouma, ndi chiwongoladzanja ngati mudabwereka ndalama yopatsa mamembala kuti adikire. Chotsalacho ndicho phindu lenileni, ndipo ndicho woweruza akufuna kuona. Onetsaninso kuti mukudziwa zoti mtengo sukwera chaka chilichonse. Alimi a nandolo a kum'mwera kwa dziko lino sadzaiwala 2017, pamene India idachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake, mtengo n'kugwa mpaka ena kungomusiya m'munda. Pulani yonena kuti mtengo ukatsika tidzachita chakuti imaoneka ya anthu okhwima.

Malo omangapo ndi msampha wina. Mawu a pakamwa a a mfumu kapena a membala wachifundo sakwanira. Pamafunika chikalata chosonyeza kuti malowo ndi a gulu, chosainidwa ndi eni ake ndi mafumu, ndipo ndi bwino kuyamba msanga ntchito yowalembetsa motsata malamulo a malo a 2016. Nyumba ya mamiliyoni yomangidwa pa malo a tcheyamani imasanduka ya ana ake iye akamwalira. Za njerwa nazonso funsani musanaumbe: kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za mabungwe, choncho uvuni wanu ukhoza kukanidwa ngati gawo lanu la K30 ija, n'kukuuzani kuti muumbe mabuloko a simenti.

Kenako pali kwacha. Mu Meyi 2022 idagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Makina a madola 10,000 amene adali K11.8 miliyoni Lachitatu adadzuka ali K17 miliyoni. Gulu limene lidatenga mitengo kwa ogulitsa miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo lidapezeka ndi bajeti yosakwanira, ndipo gawo lake losonkha lidakwera nalo. Potenga makotesheni, funsani wogulitsa kuti mtengowo ugwira mpaka liti, alembe papepala. Ikani kandalama kapadera ka zogwa mwadzidzidzi ngati malamulo akulola, ndipo chigawo choyamba chikangofika yambani ndi zinthu zochokera kunja. Mchenga sukwera ndi dola.

Amayi ndi achinyamata amawerengedwa pogoletsa, ndipo izi zimalembedwa poyera m'zilengezo. Koma oyendera akafika amaona ngati amayiwo akuyankhula kapena angokhala kumbuyo pamphasa kudikira kuphika nsima ya alendo. M'dera ngati lino, kumene abambo ambiri ali ku South Africa ndipo minda ndi misika zili m'manja mwa amayi, gulu limene msungichuma ndi wosaina kubanki ndi amayi silichita kunamizira.

Za luso lamakono

Mipikisano ya thandizo siili ku ulimi kokha. Pulojekiti ya Digital Malawi, imene idavomerezedwa mu 2017 ndi 72.4 miliyoni ya madola ndipo inkayendetsedwa ndi Public Private Partnership Commission, idapereka ndalama mwa mpikisano kwa mabungwe ophunzitsa achinyamata za kompyuta, intaneti ndi bizinesi. Kumpoto kuno Mzuzu E-Hub idali m'gulu la olandira. Ndalama zotere sizifika m'thumba la wogulitsa anyezi, koma zimabala achinyamata odziwa kulemba bajeti pa kompyuta, kutumiza fomu pa intaneti ndi kusunga mabuku pa foni. Gulu lililonse lofuna kupikisana likhale ndi mmodzi kapena awiri otere ngati mamembala enieni, osati aganyu. Pakhala pakuchitikanso mipikisano ya mabungwe monga UNDP, ya Malawi Innovation Challenge Fund ndi Growth Accelerator, yofuna makampani olembetsedwa amene ali ndi njira yatsopano yochitira bizinesi. Nayonso mfundo yake ndi yomweyo: ika zako, tiike zathu.

Luso lamakono limene limagoletsa m'pulani ya gulu la kumudzi si lodabwitsa ayi. Ndi kachipangizo koyezera chinyontho cha mbewu, kamene kamathetsa mkangano wa "soya wanu ndi wosauma". Ndi sikelo ya manambala. Ndi kulipira mamembala pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti pakhale umboni wa tambala iliyonse. Ndi pampu ya sola m'dimba kuti tomato atuluke mwezi umene ena alibe.

Foni yomweyo ndi imene akuba amadzera. Mukalandira uthenga wakuti gulu lanu lasankhidwa, tumizani K50,000 ya fomu pa nambala iyi, dziwani kuti ndi mbava. Gawo lanu losonkha limapita ku akaunti ya gulu lanu lomwe, osati ku foni ya munthu. Chimodzimodzi munthu wobwera ndi chikwama n'kunena kuti amadziwana ndi a komiti, mumupatse kenakake akakankhire pempho lanu. Wokuthandizani kulemba mutha kumulipira pa ntchito yake ngati mwagwirizana poyera, koma manambala akhale anu. Oyendera amafunsa membala wamba, osati wolembayo, ndipo mayi wa pakona akalephera kunena kuti gulu lapempha chiyani ndi chifukwa chake, zimadziwika kuti pulaniyo ndi yogula.

Mukapambana

Walira mvula walira matope. Ndalama ya boma imabwera ndi maso ambiri. Pogula chinthu chilichonse chachikulu pamafunika mitengo ya ogulitsa atatu, komiti yogula yosiyana ndi komiti yaikulu, ndi mfundo za msonkhano zosonyeza chifukwa chimene mwasankhira ameneyo. Apa amalonda muli ndi mwayi wina, wogulitsa simenti, malata, matumba ndi mapaleti kwa magulu opambana, koma pokhapokha ngati mumatha kupereka kotesheni ndi lisiti yovomerezeka. Ngati ndinu membala wa gululo, musadzigulitse nokha katundu. Ngakhale mtengo wanu utakhala wabwino, oyendera mabuku adzautcha dyera, ndipo anzanu adzayamba kunong'ona.

Osaina kubanki akhale atatu ochokera m'mabanja osiyana, ndipo sitetimenti ya kubanki iziwerengedwa mokweza pamsonkhano mwezi uliwonse, m'Chitumbuka, kuti ndi agogo omwe amve. Kuyambira tsiku loyamba makina akagwira ntchito, patulani ndalama ya zokonzera ndi ya magetsi musanagawane kanthu. Pulojekiti ikatha akatswiri aja amapita, ndipo lamba wa makina akaduka palibenso wa ku Lilongwe wodzakugulirani.

Mukalephera, pemphani kuti akuuzeni pamene padalakwika, konzani, mudikire chilengezo china. AGCOM yakhala ikuitana magulu kangapo, osati kamodzi. Pakadali pano ntchito yoti muyambe nayo nyengo ino ndi yosafuna chilolezo cha wina aliyense: sonkhanitsani katundu wa mamembala pamalo amodzi, ngakhale m'nyumba yobwereka, mugulitse limodzi kwa wogula mmodzi, ndipo musunge lisiti yake pamodzi ndi mndandanda wa amene adabweretsa, makilogalamu ake ndi ndalama imene aliyense adalandira. Tsegulani akaunti ya gulu, muziikamo kenakake pa thumba lililonse logulitsidwa. Pa matumba 1,000, K2,000 pa thumba ndi K2 miliyoni pachaka, ndipo m'zaka zitatu K6 miliyoni ija yakwana.